Chikopa choyera ndi ubweya wa kavalo m'chisoti cha ku Germany: kodi n'chachinyengo?

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti wagula chisoti chachitsulo cha asilikali a ku Germany cha m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Atachitembenuza anapeza lamba wachitsulo, chikopa choyera, ndi timitsamiro titatu tokutidwa ndi nsalu yokhakhala ngati pepala, m'kati mwake muli ubweya wolimba. Akufunsa ngati wogulitsa anam'pusitsa.

Bambo, musafulumire kudandaula, chifukwa zimene mwafotokozazo zikugwirizana ndi mbiri ya chisoticho. Chisoti chachitsulochi, chotchedwa Stahlhelm, chimene anachikonza Friedrich Schwerd wa ku Hannover mothandizana ndi dokotala August Bier, chinayamba kuvalidwa pa nkhondo ya ku Verdun, ku France, mu 1916. Choyambiriracho chinali ndi lamba wachikopa wogwira timitsamiro titatu, ndipo ubweya wa kavalo umene mwauonawo ndi umene ankaikamo kawirikawiri kuti chitsulo chisakhudze mutu. Mu 1917 lamba wachikopayo anamusintha n'kuika wachitsulo, kotero zam'kati mwa chisoti chanucho n'zapanthawi imeneyo kapena pambuyo pake.

Gwero la zonsezi ndi kusowa kwa zikopa. Sitima zankhondo za Britain zitatseka njira zapanyanja, zikopa za ng'ombe zochokera ku South America zinasiya kufika, pamene asilikali mamiliyoni ankafunika nsapato ndi malamba. Vutoli linayamba kuonekera pa chisoti chakale chachikopa chokhala ndi msonga pamwamba, Pickelhaube, chimene ufumu wa Prussia, umene pambuyo pake unakhala mbali ya Germany, unayamba kugwiritsa ntchito mu 1842: pofika mu 1914 ndi 1915 ena ankachipanga ndi ubweya wopanikiza, malata ngakhalenso mapepala olimbitsidwa. Nkhondo ili mkati, mafakitale analuka nsalu zambiri ndi ulusi wapepala, n'kupangira matumba a mchenga, malamba ndi zovala, choncho kupeza nsalu yotere pa kamtsamiro sikudabwitsa. Chikopa choyeracho nachonso chimapezeka m'zisoti za kumapeto kwa nkhondo, ndipo mtundu wake umachokera ku mankhwala amene anafufutira.

Ine zinthu zimenezi zimandikhudza mtima kuposa silika wosalala amene akuluakulu a asilikali ankaika m'zisoti zawo za Pickelhaube, chifukwa zimasonyeza umphawi umene msilikali wamba ankausenza pamutu tsiku ndi tsiku.

Komabe achinyengo alipo, ndipo njira yowagwirira si kufunsa ngati chinthucho n'chachilendo, koma ngati chikugwirizana ndi chaka chake. Mukapeza lamba wa aluminiyamu ndi chikopa chimodzi cha malilime ambiri omangidwa pakati ndi chingwe, dziwani kuti zimenezo ndi za mtundu wa 1931, zimene zinaikidwanso m'zisoti zakale pambuyo pake. Yang'anani tizitsulo titatu togwira lambayo: ngati miyendo yake ikuonetsa kuti inapindidwa kangapo, wina anatsegulapo. Onaninso ngati dzimbiri la pa lamba lasiya chizindikiro pa chikopa, ngati thukuta linadetsa mbali ya pamphumi, ndiponso ngati ukalamba wa m'kati ukufanana ndi wa kunja.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musapake mafuta pa chikopacho kapena kuchapa nsaluyo, pakuti ulusi wapepala ukanyowa umafooka n'kuyoyoka. Chisungeni pamalo ouma opanda dzuwa, ndipo munditumizire zithunzi za tizitsulo titatuto, kunja ndi m'kati.