Kodi mwana amabadwa ndi mutu wa masamu?

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ali mu Fomu 2, amalephera masamu teremu iliyonse, ndipo achibale akuwauza kuti asavutike naye chifukwa kumtundu kwawo kulibe amene anabadwa ndi mutu wa masamu. Akufuna kudziwa ngati luso ndi chibadwa kapena limabwera munthu akamayeserera.

Mayi, n'zoona kuti ana sabadwa ofanana, pakuti wina amagwira phunziro msanga pomwe wina amafunika kumubwerezera kangapo. Komabe kulephera kwa mwana wa Fomu 2 si umboni woti alibe mphatso, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala kuti linayambira kumbuyo. M'sukulu zathu zambiri za boma ana amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo akafika Sitandade 5 maphunziro amayamba kuperekedwa m'Chingerezi, pa nthawi yomwe masamu ake akulimba. Mwana amene sanamvetse bwino kugawa ndi mafulakishoni pa nthawi imeneyo, m'kalasi yodzaza momwe mphunzitsi sangathe kuona kope la aliyense, amafika kusekondale atasenza vutolo, ndipo algebra ikayamba amasokonekera, popeza phunziro lililonse la masamu limatsamira pa lomwe linapita.

Akatswiri anafufuzapo nkhaniyi. Mu 1993 Anders Ericsson ndi anzake anaona ophunzira kuyimba violin pa sukulu ina ya nyimbo ku Berlin, ndipo anapeza kuti odziwa kwambiri anali atayeserera maola pafupifupi 10,000 pofika zaka 20, kuposa anzawo a luso locheperapo. Chofunika kwa inu si chiwerengerocho koma mtundu wa kuyesererako, chifukwa ankalimbana ndi mbali zimene zinkawavuta, mphunzitsi n'kumawakonza pomwe aphonya. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti khama lokha silifotokoza kusiyana konse kwa anthu, choncho sindikukulonjezani kuti mwana aliyense angakhale katswiri. Ndikunena kuti kukhoza masamu a JCE ndi MSCE sikufuna ukatswiri wapadera, ndipo ana ambiri angakwanitse akathandizidwa moyenera.

Anthu akamaona Tabitha ndi Temwa Chawinga, atsikana apachibale ochokera ku Rumphi, amati mpira uli m'magazi. Mwina zili choncho, koma tisaiwale kuti onse awiri anatha zaka akusulidwa ndi aphunzitsi a mpira ku Sweden ndi ku China Temwa asanagoletse zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024. Akanaleka kusewera ali aang'ono, palibe akanadziwa kuti mphatsoyo ilipo.

Pempho langa loyamba ndi lakuti mawu oti "kwathu kulibe mutu wa masamu" asanenedwenso pamaso pa mwanayo, chifukwa mwana akawakhulupirira amaleka kuyesa, ndipo zimandipweteka kuti atsikana ndiwo amauzidwa zotere kawirikawiri. Kenako pitani kwa mphunzitsi wake mukapemphe kuti akuonetseni mitu yeniyeni imene imamugonjetsa. Ngati ndi kugawa kapena mafulakishoni, abwerere ku mabuku a Sitandade 5 ndi 6 popanda manyazi, azichita masamu ochepa tsiku lililonse kwa theka la ola, ndipo pakhale munthu womuchongera tsiku lomwelo, kaya ndi mphunzitsi kapena wophunzira wa Fomu 4 wokhala pafupi. Kuwerenga zitsanzo zothetsedwa kale sikokwanira, ayenera kugwira cholembera yekha. Maziko akalimba, ayambe mafunso a mayeso akale a MANEB.

Maphunziro a uinjiniya, zaumoyo ndi zowerengera ndalama amafuna kuti munthu akhoze bwino masamu pa MSCE, ndipo ngakhale ntchito zamanja za pansi pa TEVETA monga ukalipentala ndi zamagetsi zimadalira kuyeza ndi kuwerengera. Mupatseni materemu awiri akuchita zimenezi, ndipo pamenepo mudzakhala ndi poyambira pokambirana naye, pamodzi ndi aphunzitsi, za maphunziro oti atsate mu Fomu 3.