Kodi miyeso yakale ya madzi a m'nyanja ndi yodalirika?

Funso: Akonzi, ophunzira anga a jogalafe amandifunsa ngati tingakhulupirire miyeso ya kutalika kwa madzi a m'nyanja zamchere yomwe inalembedwa zaka zoposa 200 zapitazo. Ndiwayankhe bwanji? Mphunzitsi, Kasungu.

Yankho: Aphunzitsi, miyesoyo ndi yodalirika, koma imafuna kuwerengedwa mosamala. Ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, anayamba kulemba miyesoyi mu 1700, ndipo ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 1774. Vuto lalikulu ndi loti choyezera chimamangiriridwa kumtunda, pomwe mtundawo nawo umasuntha. Ku Stockholm nthaka ikukwerabe chisungunukireni madzi oundana amene anaipsinja kalekale, motero zolembedwa zimaonetsa ngati nyanja ikutsika, pamene kumadera komwe nthaka ikutitimira zimakokomeza kukwera kwa madzi. N'chifukwa chake akatswiri amayeza kusuntha kwa nthaka ndi GPS, amafanizira madoko ambiri, ndipo kuyambira 1993 amayerekezanso ndi miyeso ya ma satellite. Bungwe la IPCC, lomwe ndi la United Nations ndipo limaunika za kusintha kwa nyengo, linapeza kuti nyanja zinakwera pafupifupi masentimita 20 pakati pa 1901 ndi 2018. Chomwe chimandidandaulitsa n'choti madoko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo la Beira komwe kumadzera katundu wathu, alibe zolembedwa zakale chotero.