Malume, za odwala khansa kumene kuli nkhondo

Malume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva m'gulumu, koma kuti ndilembe zinditengera usiku wonse, ndiye ndingolankhula. Mwafunsa kuti kumene kuli nkhondo, ngati ku Sudan komwe munamva pa wailesi kuja, anthu odwala khansa ngati azakhali amathandizidwa bwanji, kapena amangowasiya basi.

Eee, nkhani yake njovuta chifukwa mankhwala a khansa amayendera nthawi. Inunso mwaona ndi azakhali, kemo ambiri amalandira pakatha masabata atatu aliwonse, tsiku lake likakwana lakwana. Mwana wodwala khansa ya m'magazi amakhala pa mankhwala zaka ziwiri kapena kuposa. Kuwotcha kuja, radiotherapy, ndi kwa tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi zambiri masabata 5 kapena 6. Mukadukiza, matenda amapeza mpata. Ndiye pali chinanso chimene ife anamwino timachiopa kwambiri. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu atalandira kemo, asilikali a m'thupi amatsikiratu. Akangotentha thupi, kuno ku England lamulo lake ndi loti alandire ma antibiotic ola limodzi lisanathe. Tsono taganizani mwana woteroyo ali m'chipinda cha pansi pa nthaka, mozizira, anthu ali thithithi, wina akutsokomola apa wina apo, kunja mabomba akugwa.

Zimenezi ndi zomwe zinachitika ku Ukraine, ndipo ndiyambira kumeneko chifukwa ndi kumene anthu anakonza zinthu mwadongosolo. Russia italowa pa 24 February 2022, chipatala chachikulu cha ana ku Kyiv, dzina lake Okhmatdyt, chinatsitsira odwala ake m'zipinda za pansi. Madokotala anaona msanga kuti sangapitirize chonchi. Ndiye anagwirizana ndi bungwe la komweko lothandiza ana odwala khansa lotchedwa Tabletochki, madokotala a ku Poland, komanso chipatala cha St. Jude cha ku Memphis ku America. Ntchito yosamutsa anawo anaitcha SAFER Ukraine.

Njira yake inali yotere. Ana ochokera m'zigawo zosiyanasiyana ankawasonkhanitsa kaye ku Lviv, mzinda wa kumadzulo, kufupi ndi malire. Kumeneko ankawapima kuti aone yemwe angapirire ulendo. Kenako pa mabasi ndi ma ambulansi mpaka kuwoloka malire kulowa m'Poland. Ku Poland kuja anatenga hotela ina pamalo otchedwa Bocheniec n'kuisandutsa kiliniki, ankaitcha Unicorn. Sanali malo ogonekera odwala nthawi yaitali ayi, kunali ngati pa depoti ya Wenela: wafika, apuma masiku ochepa, akuuza kuti iwe bedi lako lapezeka ku Germany, iwe ku Spain, iwe ku Italy. Kuno ku England kunabwera ana 21 pa ndege imodzi mu March 2022. Onse pamodzi amene anasamutsidwa mwa njira imeneyi anaposa 1,000.

Koma malume, chimene ine chimandigwira mtima si mabasiwo. Ndi mapepala. Mwana asanafike n'komwe, fayilo yake inkakhala itatsogola kale pa intaneti, anthu ongodzipereka ataimasulira kuchoka m'chilankhulo cha ku Ukraine kupita m'Chingelezi. Dokotala wa ku Spain ankadziwiratu kuti mwanayu khansa yake ndi ya mtundu wanji, walandira mankhwala ati, kangati, ndipo omaliza analandira liti. Popanda zimenezo simungapitirize. Mankhwala ena a kemo ali ndi muyeso wake wa moyo wonse, mukapyola mumawononga mtima. Ndiye dokotala amene sakudziwa zomwe munthu walandira kale manja ake ngomangika, ngakhale filiji yake itadzaza mankhwala. Akayamba kupima mwatsopano masabata akupita.

Ndinene apa kuti anawa anachita mwayi umene ena alibe. Mayiko a European Union anatsegula zitseko kumayambiriro kwa March 2022, wothawa ku Ukraine ankaloledwa kukhala n'kulandira chithandizo cha kuchipatala. Komabe si onse anapindula chimodzimodzi. Amuna a zaka 18 mpaka 60 ambiri sankaloledwa kutuluka m'dziko, ndiye ana ambiri anapita ndi amayi awo okha, abambo n'kutsala. Akuluakulu odwala khansa, omwe ndi ochuluka kutalitali kuposa ana, ambiri anatsala momwemo. Kwa otsalawo madokotala amasintha njira: pamene zingatheke amapereka mapiritsi oti munthu azikamwera kunyumba m'malo mwa dilipi, kuwotcha amakuchita maulendo ochepa koma mphamvu yokulirapo, kuti munthu asamayende pamsewu tsiku lililonse. Ndipo ngakhale chipatala cha Okhmatdyt chija, chitayambiranso kugwira ntchito bwinobwino, mzinga unachimenya pa 8 July 2024. Mwina zithunzi munaziona, ana opanda tsitsi atakhala panja m'manja mwa amayi awo, madilipi ali chilumikizire.

Tsono ku Sudan komwe mwafunsako, kumeneko ndiye kwa misozi. Nkhondo inayamba pa 15 April 2023 mu Khartoum mwenimwenimo, momwe munali chipatala chachikulu cha khansa cha dziko lonse. Chitaleka kugwira ntchito, odwala anathamangira ku Wad Madani, kum'mwera chakum'mawa, komwe kuli National Cancer Institute ya University of Gezira. Malowo anadzaza kupyola muyeso, madokotala akuyesetsa ndi zochepa zomwe anali nazo. Mu December 2023 asilikali a RSF, gulu lomenyana ndi asilikali a boma la Sudan, analanda Wad Madani. Anthu omwewo, ena ali pakati pa kemo, n'kuthawanso kachiwiri, ena kulowera kumpoto ku Merowe, ena kuyesa kuwolokera ku Egypt komwe viza inali yovuta kupeza. Panalibe hotela yowadikirira tsidya lina, panalibe mayiko olimbirana kuti tipatseni ana khumi. Ine zimenezi zimandinyansa, chifukwa nzeru yake ndi yomweyo, inaoneka kale kuti imagwira ntchito, kungoti kwa Asudani ndalama ndi zitseko sizinatseguke.

Ndipo zina sizisamutsika. Makina owotchera khansa ndi chimphona, amakhala m'chipinda cha makoma a simenti ochindikala, amafuna magetsi osazimazima ndi akatswiri owakonza. Simungawakweze pa lole. Mankhwala ena amafuna filiji ya madigiri 2 mpaka 8, magetsi akazima kwa nthawi yaitali mumataya. Ma platelet, aja amathandiza magazi kuundana, sakhala kupyola sabata, ndipo nthawi ya nkhondo magazi onse amathamangira kwa ovulala. Ngakhale morphine, woti munthu amene sachira angopepukidwako ululu, amavuta chifukwa malamulo omuwolotsera malire ngokhwima. Ndiye yankho la funso lanu lija, malume, ndi loti ena amathandizidwa ndithu, koma ambiri amafa ndi matenda oti akanachizika, ndipo powerenga anthu ofa pa nkhondo iwowa nthawi zambiri sawawerengera.

Chimodzi ndikupempheni. Kwathuko nkhondo kulibe, koma munaona namondwe wa Freddy mu 2023 mmene anadulira misewu ndi milatho, anthu n'kukanika kufika kuchipatala. Auzeni anawo atenge buku la kuchipatala la azakhali, ajambule tsamba lililonse pa foni, makamaka pomwe pali zotsatira za kanyama kamene anakadula kukapima kaja, mayina a mankhwala ndi masiku amene analandira. Anditumizire pandekha, osati m'gulumu. Akabwera ku kemo yotsatira ajambulenso tsamba latsopanolo. Muwapatse moni azakhali, ndiimba Loweruka ndikaweruka.