Funsani Azakhali: Mwana sakudya popanda katuni pafoni, nditani?

Mwezi uno mafunso ambiri omwe afika ndi a ana aang'ono ndi foni kapena TV. Ndasankhapo atatu, onse ochokera kuno ku Mzuzu, ndipo mayina sitilemba ngati mwa masiku onse.

Azakhali,

Ine ndimakhala ku Chibavi ndipo ndili ndi kasaluni kanga mtauni. Mwana wanga wammuna ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4, ndimapita naye kuntchito poti wantchito ndilibe. Ndinayamba kumupatsa foni ali ndi miyezi 8 kuti azikhala phee ndikamaluka makasitomala, nde pano zafika poti phala sakudya popanda katuni, ukamulanda amadzigwetsa pansi nkumamenyetsa mutu mpaka makasitomala kumandiuza kuti ingomupatsani mayi tisagonthe. Chomwe chikundisowetsa tulo nchoti kuyankhula sikukuyenda, amangoti mama, dada, kenako wani thuu firii basi, akafuna chinthu amangondikoka chitenje. Bambo ake akuti kuchangamuka nde kumeneko akuphunzira chizungu, apongozi akuti ana aamuna amachedwa kale komanso tikumusokoneza ndife poti iwo amamuyankhula Chitumbuka ife Chichewa. Kodi ndamuononga mwana ine?

Mayi wa ku Chibavi

Mayi, ayi simunamuononge, mtima ukhale pansi. Munali ndi mutu wa kasitomala mmanja, mwana akulira pamiyendo, munagwiritsa ntchito chomwe chinali pafupi. Koma nkhawa yanuyo ndi yoona ndipo musalole munthu akuuzeni kuti mukungodandaula zaziii.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a ana osakwana zaka 5. Linati mwana yemwe sanakwane zaka 2 asamaonere konse foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo nkwabwino koposa. Ola limodzi tsiku lonse, kuphatikiza foni yanu, TV yakunyumba ndi foni ya aneba. Tangowerengerani nokha kuyambira mmene mumatsegula saluni mpaka potseka, mupeza kuti wanuyo akupitirira kutali.

Chifukwa chake sikuti mufoni muli poizoni ayi. Vuto ndi zomwe foniyo ikumulanda. Mwana amaphunzira kuyankhula kwa munthu yemwe akumuyankha, iye akati "aa" kuloza kapu inu nkuti "ukufuna madzi? nawa madzi", wamva mawuwo nthawi yomweyo yomwe maso ake ali pakapu, ndipo waona kuti akatulutsa mawu chinthu chimachitika. Katuni siyimudikira, siyiona komwe akuloza, imangoyankhula yokha kaya mwana wamva kaya ayi. Pali kafukufuku wina yemwe ndimamukonda kwambiri pankhaniyi, anachita ndi Patricia Kuhl ndi anzake ku University of Washington ku America mu 2003. Anatenga makanda a miyezi 9 a mmabanja oyankhula Chingerezi, ena anawakhazika ndi munthu weniweni woyankhula Chitchaina maulendo 12, ena anawaonetsa anthu omwewo akuyankhula zomwezo koma pa vidiyo. Okhala ndi munthu aja anayamba kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu a Chitchaina, a pa vidiyo aja sanatolepo kanthu, anangofanana ndi ana omwe sanachimvepo nkomwe.

Nde bambo akewo muwauze mwaulemu kuti wani thuu firii ija si chizungu, ndi kubwereza nyimbo chabe. Mwana wa zaka 2 timayembekezera kuti akhale ndi mawu ngati 50 ndipo aziphatikiza awiri, "mama madzi", "dada wapita", mchiyankhulo chilichonse. Za apongozi zija, Chitumbuka ndi Chichewa sizisokoneza mwana, ana ambiri a mu Mzuzu akukula ndi ziwirizi ndipo ena akuonjezera Chitonga kapena Chinkhonde, mukamawerenga mawu ake muziphatikiza a mbali zonse. Agogo akewo apitirize kumuyankhula Chitumbuka, ndipo achite kuonjezera. Zoti ana aamuna amachedwa, kusiyana kwake nkochepa, si chifukwa chokhalira pansi kudikira.

Poyambira ndi pachakudya. Mwana yemwe akudya maso ali pa katuni amangoyasamula nkumeza, sakumva kukoma, sakudziwa kuti wakhuta liti, ndipo saphunzira kudya yekha. Foni ikhale mchikwama osati pathebulo pomwe akuyiona, mumukhazike pamphasa ndi kambale kake, supuni mmanja mwake, inunso muzidya pomwepo. Alira, mwina akana phala lammawa lonse, chotsani mwakachetechete mumupatsenso nthawi ina, mwana wathanzi sadzipha ndi njala. Masiku oyamba ndi ovuta kwambiri sindikunamizani, ndipo mukamupatsa foni kulira kutafika pachimake ndiye mwamuphunzitsa kuti mawa alire kwambiri kuposa apo. Akayamba kumenyetsa mutu munyamuleni mumuike pofewa, mukhale pafupi, osakalipa osamenya, zikatha mumukumbatire. Ndikanakonda muyambe Lamlungu muli kunyumba, osati Loweruka saluni itadzaza.

Kusaluniko mupezereni kakatoni kakekake, muikemo makapu apulasitiki, chipande, chipeso chachikulu, marola akuluakulu atsitsi, kabuku kazithunzi kapakaunjika. Osaikamo mikanda, mapini kapena zitsekero za mabotolo chifukwa angatsamwe nazo, ndipo mankhwala atsitsi ndi madzi otentha zikhale pamwamba. Kenako muziyankhula naye uku manja akuluka, "tandipatsa chipeso icho", "anti akulira chifukwa ndakoka", "taona kabaza uyo wanyamula thumba", mukatero mukhale chete pang'ono mumupatse mpata oyankha ngakhale ndi kaphokoso chabe, apa mpomwe ambiri timafulumira. Ndipotu saluni ndi malo abwino kwabasi ophunzirira kuyankhula, mmene amacheza azimayi pansi pa dulaya muja! Makasitomala omwe akuti ingomupatsani aja muwapemphe amufunse dzina, amufunse mphuno ili kuti.

Chimodzi chomwe sindikufuna muchisiye, pitani naye kuchipatala mwezi uno womwe, musadikire kuona ngati kuchotsa foni kuthandiza. Kafukufuku amaonetsa kuti ana oonera kwambiri nthawi zambiri amachedwa kuyankhula, koma si kuchedwa kulikonse komwe kumabwera ndi foni. Ana ena samva bwino, makamaka omwe anatulukapo mafinya mkhutu, ena ali ndi vuto lina la kakulidwe lomwe limafuna thandizo msanga. Tengani buku lake la kusikelo, kafotokozeni kuchipatala cha Mapale kapena komwe mumapita, mupemphe amuone makutu, ndipo munene ngati satembenuka mukamuitana dzina, saloza zinthu ndi chala, kapena sakuyang'anani mmaso. Akaona kuti nkofunika akutumizani ku Mzuzu Central Hospital, komanso a St John of God kuno ku Mzuzu amathandiza ana omwe akuchedwa pakakulidwe.

Azakhali,

Ndikulemberani kudzera mwa mdzukulu wanga wamkulu. Ndikulera kamwana ka chaka ndi miyezi iwiri, mayi ake ali ku Joni kuntchito ndipo amayimba vidiyo kolo pa WhatsApp pafupifupi madzulo aliwonse kuti amuone. Kusikelo anatiuza kuti makanda asamaonere foni. Ndimuletse mwana wangayo kuyimba?

Gogo wa ku Zolozolo

Agogo, musamuletse chonde. Ngakhale madokotala a ana a ku America, omwe mu 2016 ananena kuti mwana wosakwana miyezi 18 asaonere kanthu, vidiyo kolo anayipatula, chifukwa kumbali inayo kuli munthu yemwe akuseka mwana akaseka. Mwana akhale pamiyendo panu foni muigwire ndinu, muzimuthandiza, "awo amama, tawabayibitsa", mayi akewo aziyimba naye nyimbo, azibisa nkhope nkutulukira, mphindi zochepa zakwana ndipo akatembenukira kumbali musamukakamize. Ngati nkotheka aziyimba kusanade kwambiri. Akadula, foni ibwerere mthumba. Pomwe muyang'anitsitse mpa adzukulu akuluakuluwo, kolo ikatha asapitirize kumuonetsa TikTok kuti asalire, zimenezo nde zomwe a kusikelo amanena. Ndipo poti tayamba kale, kubereka mwana kumbuyo nkwabwino koma a WHO omwewo amati mwana asakhale womangika kupitirira ola nthawi imodzi, muzimutsitsa ayendeyende pabwalo.

Azakhali,

Ndine bambo wa ku Luwinga, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4. Kwathu TV imayaka kuchokera mmawa mpaka tonse tigone, magetsi akakhalapo. Mwanayu amagona cha mma 11 usiku, mmawa kumudzutsa kupita ku nazale ndi nkhondo ndipo aphunzitsi akuti amasinza mkalasi komanso sachedwa kupsa mtima. Akazi anga akuti zomwe amaonera pa YouTube nzophunzitsa, komanso ndi mvula ndi kuzizira kwa kunoku mwana angasewere kuti? Ine ndikabwera ndimakhala nditatopa, ndimafunanso ndione nkhani ndi mpira.

Bambo wa ku Luwinga

Bambo, zikomo polemba, abambo ambiri nkhani ngati izi amangosiyira amayi. Tiyambe ndi masamu. Mwana wa zaka 3 mpaka 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, wanuyo akagona 11 nkudzuka 6 wapeza 7 okha. Kusinza ndi kupsa mtima kuja musakufunire kutali, mwana wosowa tulo saoneka ngati wamkulu wotopa, iye amalusa, amalira pa zazing'ono, amathamanga ngati wamwa kanthu. Kuwala kwa TV ndi foni usiku kumachedwetsa melatonin, michere yomwe thupi limatulutsa kukada kuti munthu ayambe kumva tulo, kuonjezera apo katuni yothamanga ndi phokoso imamusiya mutu uli wotentha. Nde ola lathunthu asanagone zonse zizime, asambe, adye, cha mma 7 koloko kapena hafu pasiti akhale ali pabedi, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse ndi Loweruka lomwe. Mpira wanu simunaluze, mukaonera iye atagona, volyumu pansi.

Akazi anu sakunama kotheratu. Pa zaka 4 mwana atha kutolapo kanthu pa pulogalamu yabwino, yoyenda pang'onopang'ono, makamaka wamkulu akakhala naye nkumamufunsa kuti kalulu uja walowa kuti, ukuganiza atani tsopano. Koma YouTube payokha siyisankhira mwana, vidiyo ikatha ina imayamba yokha ndipo pakutha pa ola ali kwina komwe inu simunamutumeko, bandulo nayo yapita. Zimitsani autoplay, chija chimayambitsa vidiyo ina yokha, musankhe ndinu mavidiyo awiri kapena atatu oti aonere, mumuuze asanayambe kuti ikatha iyi tizima, ndipo muzimedi. Ola limodzi lija likugwiranso ntchito pano.

TV yongoyaka popanda woonera ija inunso ikukuberani. Ikamalira pabalaza akuluakulu amayankhula zochepa ndi mwana, naye masewera ake amadukaduka poti kamphindi kalikonse akucheuka. Komanso mafilimu omwe timaonera akuluakulu, a mfuti, a ufiti, a anthu okuwizana, mwana wa zaka 4 sanafike posiyanitsa bwino zenizeni ndi zosewera, mumangodabwa akukana kupita yekha kuchipinda.

Za mvula ndikuzimva, ya kuno ikayamba imatha kuwaza mpaka Epulo kapena Meyi kenako Juni ndi Julaye chisanu chake chija. Koma mwana wa msinkhu uwu amafunika maola atatu patsiku akuyendayenda ndi kusewera, limodzi mwa atatuwo likhale lothamanga mpaka kupuma mwawefuwefu, ndipo kusewera panja kumathandizanso maso kuti asayambe msanga vuto losaona patali. Juzi, chipewa, nsapato, mvula ikangokata atuluke akapeze anzake, masanje, chipako, jingo, mpira wamapepala, matope amachapika. Ikakana kukata pali khonde, pali chibisalirano mnyumba, pali kuthandiza amayi ake kusankha nyemba kapena kutsuka makapu, ana a zaka 4 amakonda kupatsidwa ntchito kuposa mmene timaganizira.

Tsono inu bambo, ndikupempheni chinthu chimodzi ndipo musakhumudwe. Mukalowa mnyumba madzulo foni yanu ikhale kaye pa chaja mphindi 20, magulu a pa WhatsApp sathawa. Mwanayo amaona komwe maso anu ali, ndipo lamulo loti iye asaonere inu muli chiweramire pafoni silingagwire. Mumufunse wasewera ndi ndani kunazale, pogona mumukambire nthano imodzi, inu padangotero iye tili tonse, ngakhale ikhale yomweyomweyo sabata yonse ana satopa nayo. Mukambirane ndi akazi anu mwana asakumva kuti lamulo likhale limodzi, ndipo ngati pali wantchito kapena achibale omwe amatsala naye masana nawonso auzidwe nthawi yoyatsa ndi yozimitsa TV. Pakatha masabata awiri kapena atatu mukawafunsenso aphunzitsi aja ngati akusinzabe, ndipo ngati akugona maola okwanira koma kusinza sikukutha, kapena amaliza mkonono kwambiri usiku, mupite naye kuchipatala akamuone magazi ndi kukhosi.