Yankho kwa Mnyamata wa ku Chilobwe Wofuna Kuphunzira za Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chilobwe. Iye analemba kuti namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, anagwira ntchito mongodzipereka pamsasa wina wa anthu othawa napolo, ndipo chinamupweteka n'chakuti anali ndi mtima wothandiza koma sankadziwa chochita ndi manja ake. Ali ndi satifiketi ya MSCE, ndipo akufunsa kuti angaphunzire kuti za kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi komanso za kupulumutsa odwala mwadzidzidzi, ndiponso ngati maphunziro a masiku atatu amene akuwaona pa Facebook angamupezetse ntchito.

Achimwene, m'kalata yanu mwamanga nkhani ziwiri pamtolo umodzi, ndipo tiyenera kuyamba tazimasula. Pali ntchito yokonzekera ndi kuyendetsa zinthu pa nthawi ya ngozi: kudziwa malo oopsa, kuchenjeza anthu mvula isanafike, kusamutsa mabanja, kulemba kaundula ndi kuyang'anira msasa. Palinso ntchito yogwira thupi la munthu wovulala kapena wodwala. Ntchito ziwirizi zimakumana pabwalo la sukulu limodzi tsiku la tsoka, koma maphunziro ake ndi osiyana, ndipo malamulo ake ndi osiyananso.

Njira yoyamba ili pafupi nafe kuposa mmene ambiri amaganizira. Yunivesite ya MUST, yomwe ili ku Ndata m'boma la Thyolo ndipo inatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa digiri ya zaka zinayi ya Disaster Risk Management. Kuno ku Blantyre, MUBAS, yomwe ambiri tikuitchabe Poly, imaphunzitsa za umoyo wa malo okhala anthu, kutanthauza madzi, zimbudzi, zinyalala ndi kapewedwe ka miliri. Ineyo ndimaona kuti maphunziro achiwiriwa anthu amawapeputsa popanda chifukwa. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, ndipo mliri wotere umagonjetsedwa pachitsime ndi pachimbudzi odwala asanadzaze chipatala.

Kuti muone chimene munthu amaphunzira m'makalasi amenewa, taganizirani msasa wa anthu 600 pasukulu ya pulayimale. Muyezo umene mabungwe othandiza anthu amatsatira padziko lonse umati munthu mmodzi apeze madzi osachepera malita 15 patsiku, ndipo chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20. Ndiye kuti msasa umenewo ukufunika malita 9,000, omwe ndi zigubu 450 za malita 20, tsiku lililonse, komanso zimbudzi 30. Wosaphunzira akafika amayamba ndi kugawa ufa ndi mabulangete, chifukwa ndi zimene anthu akulirira. Wophunzira amayamba wawerenga zimbudzi, amafunsa kumene madzi akutungidwa, amaika munthu wothira kolorini m'zigubu, ndipo amapatula malo ogona amayi ndi atsikana usiku usanagwe. Kusiyana kwake kumaoneka pakatha masiku asanu, pamene ana ayamba kutsegula m'mimba kapena sanayambe.

Njira yachiwiri ilibe chidule. Kuti muloledwe kuchiza munthu, muyenera kukhala namwino, kilinikala kapena dokotala, mutaphunzira kuyunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences kapena kusukulu za anamwino zovomerezeka, ndipo dzina lanu lilembedwe ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Maphunziro afupiafupi a odwala mwadzidzidzi amabwera pamwamba pa maziko amenewo. Chitsanzo ndi ETAT, imene chipatala cha Gulupu chinathandiza kwambiri kuikhwimitsa isanafalikire m'mayiko ena kudzera ku bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Imaphunzitsa wazaumoyo kuyang'ana mwana pamzere n'kudziwa m'masekondi ochepa ngati akubanika, akukomoka kapena watha madzi m'thupi, kuti alowe msanga osadikira amene anafika m'mamawa. Ndi maphunziro a masiku ochepa, koma amapatsidwa kwa anthu amene ali kale pantchito yachipatala. N'chimodzimodzinso maphunziro olondola miliri a Public Health Institute of Malawi.

Tsono pakati pa njira ziwirizi pali khomo limene ndikufuna mulowe chaka chino, ngakhale musanasankhe za kuyunivesite. Phunzirani chithandizo choyamba ku Malawi Red Cross Society kapena ku St John Ambulance. Sikufunika digiri. Ine nditapita kokaphunzira ndinkaganiza kuti ndikudziwa kale, popeza ndinali nditawerenga zambiri. Mphunzitsi anagoneka chidole pansi n'kundiuza kuti ndipsinje pachifuwa maulendo 30, ndiuzire mpweya kawiri, ndibwerezenso. Pasanathe mphindi ziwiri mikono inali italema, thukuta lili kamukamu, ndipo anandiuza kuti sindinapsinje mozama ngakhale kamodzi. Tsiku lomwelo ndinaphunzira kuti bala lotuluka magazi ambiri umalipsinja ndi nsalu osachotsachotsa kuti uone, ndiponso kuti munthu amene khoma lamugwera sumunyamula ngati thumba la chimanga, chifukwa msana ukhoza kukhala utathyoka. Ambiri a ife tinaona anthu akunyamulidwa choncho ku Manja ndi ku Chilobwe, onyamulawo ali ndi chikondi chenicheni.

Mukatero, pitani kwa khansala wa wadi yanu kapena kwa mfumu mukafunse za komiti yoona za ngozi m'dera lanu. Makomiti amenewa alipo kuyambira kumudzi mpaka kukhonsolo, ndipo amagwira ntchito pansi pa nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Lamulo la za ngozi la 1991 linkayang'ana kwambiri za kupereka thandizo tsoka litagwa, ndipo mu 2023 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano lotsindika kuchepetsa chiopsezo. Mabungwe akabwera ndi maphunziro aulere a machenjezo, kusamutsa anthu kapena kauniuni wa zowonongeka, amayamba kuitana amene ali m'makomitiwa. Amene sali m'kaundula amamva maphunziro atatha.

Za maphunziro a pa Facebook aja, ndiyankha mosapsatira. Ena ndi abwino, ena ndi malonda a mapepala. Mnzanga wina analipira ndalama zambiri kumalo ena, anakhala masiku atatu m'holo akuonera zithunzi pakhoma, ndipo anatuluka ndi satifiketi yokongola asanagwire bandeji. Musanalipire, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE kapena loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, funsani ntchito imene aphunzitsiwo anagwirapo, ndipo funsani kuti ndi maola angati amene mudzakhale mukuyeserera ndi manja. Akakuuzani kuti masiku atatu akupangani kukhala wachipatala, sungani ndalama zanu. Zowerenga zokha mukhoza kuzipeza kwaulere pa intaneti, chifukwa WHO ndi chitaganya cha Red Cross padziko lonse ali ndi maphunziro otere, ndipo chimene mungawononge ndi bandulo basi.

Pa nkhani ya ntchito, satifiketi yaifupi payokha siilembetsa munthu ntchito yokhazikika. Olemba ntchito m'mabungwe amafunsa za dipuloma kapena digiri, kenako amafunsa kuti munagwirako kuti. Masiku amene munakhala pamsasa uja ndi chuma, ndipo ngati amene ankayang'anira msasawo mukuwadziwa, apempheni kalata yochitira umboni iwo asanasamuke kapena kukuiwalani. Ngati MSCE yanu ili ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, lembani fomu ya NCHE yofunsira malo kuyunivesite ikatuluka. Ngati sayansi inakuvutani koma mtima uli kuchipatala, kubwereza mayeso chaka chimodzi si manyazi. Koma chithandizo choyamba chokha musachidikiritse, chifukwa mvula imayamba mu Novembala ndipo nyumba zambiri zidakali m'mphepete mwa phiri lomwe lija.