Amayi Akaimirira, Maso Amachita Mdima

Anamwino, amayi anga ali ndi zaka 63 ndipo akhala ndi shuga kwa nthawi yaitali. Amagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto Market, ku Lusaka. Masiku ano akadzuka pa kampando kuti apereke chenji, amati maso achita mdima ndipo amagwirira thebulo. Sabata yatha anagwa. Ku kiliniki anati BP yawo ili bwino. Azakhali akuti magazi achepa, tiwagulire mankhwala owonjezera magazi. Ndichite chiyani?
Mwana wawo, ku Matero

Mwana wanga, pamene ankawayeza BP ija, amayi anali atakhala pansi, si choncho? Vuto ngati lawoli limabisala munthu akakhala, limaonekera akaimirira.

M'thupi muli minyewa imene imagwira ntchito osatifunsa, madokotala amati autonomic nervous system. Ndi imene imathamangitsa mtima ukaopa, kuubweza ukapuma, kutulutsa thukuta, kukankha nsima m'matumbo, ngakhale kutsekula chikhodzodzo. Munthu akaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kupitirirapo amatsikira m'miyendo ndi m'mimba. M'khosi, pamene mtsempha wopita kumutu umagawanika pawiri, komanso pa mtsempha waukulu wotuluka mu mtima, pali timalo tomva kuti mphamvu ya magazi yatsika. Timeneti timatumiza uthenga kumunsi kwa ubongo, ndipo ubongo umafulumizitsa mtima n'kufinya mitsempha ya magazi kuti magaziwo abwerere kumutu. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, inu muli kalikiliki kuwerenga ndalama.

Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga minyewa. Ambiri timadziwa za dzanzi la kumapazi, koma minyewa yoyendetsa mtima ndi mitsempha nayonso imavulala. Uthenga uja ukachedwa, ubongo umasowa magazi kwa kanthawi, ndiye mdima ndi chizungulire mukunenazi.

Bwererani nawo ku kiliniki ndipo mupemphe mwachindunji kuti awayeze kawiri. Agone chagada mphindi 5, awayeze, kenako aimirire, awayezenso pakatha mphindi imodzi ndi pa mphindi zitatu. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20, kapena ya pansi ndi 10, chagwetsa amayi chapezeka. Mzere ukakhala wautali anamwinofe timafulumira, koma kuyeza kumeneku sikufuna makina ena, ndipo sindiona chifukwa choti mayi amene wagwapo kale abwerere kunyumba osayezedwa chonchi.

Munyamule mapaketi onse a mankhwala awo. Mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide, ndi ena a BP, amatha kukulitsa vutoli, makamaka kutentha kwa Okutobala pamene munthu amataya madzi ambiri ndi thukuta. Asasiye okha mankhwala alionse. Adokotala ndiwo asinthe mlingo. Za azakhali zija musazitaye, kuchepa kwa magazi nakonso kumabweretsa chizungulire. Koma ayezedwe magazi kaye musanawononge ndalama ku famase.

Pakadali pano, m'mawa azikhala m'mphepete mwa bedi kanthawi asanaimirire. Kumsika, asanadzuke pa kampando aziyamba apondaponda pansi ndi kulimbitsa akatumba a m'miyendo, chifukwa akatumbawo amakankhira magazi kumtunda. Botolo la madzi likhale pambali pa madengu a tomato. Ndikudziwa amayi ambiri a kumsika amapewa kumwa madzi poopa kulipira chimbudzi kangapo patsiku, koma kugwa pa simenti n'kuthyola chiuno pa msinkhu umenewu n'koopsa kwambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi ichi. Shuga akatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umagunda mwamphamvu, ndipo amadziwa kuti adye msanga. Zizindikiro zimenezi zimachokera ku minyewa yomweyi. Ikafooka, shuga amatha kutsika popanda chenjezo, makamaka kwa amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga otchedwa glibenclamide. Choncho amayi asadumphe chakudya, asunge maswiti m'thumba la epuloni, ndipo anzawo oyandikana nawo kumsika adziwe kuti akayamba kusokonezeka mutu awapatse chotsekemera, bola akutha kumeza. Akakomoka osadzuka msanga, akamva kupweteka pachifuwa, akayamba kubanika, kapena pakamwa pakapotoka, musadikire tsiku la kiliniki ya shuga. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.