Akufuna kuphunzira za mpweya wa m'nyanja yamchere, kuno kulibe nyanja yotero: apite kuti?

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wa Folomu 3 watengeka mtima ndi nkhani ya mpweya umene umasungunuka m'madzi a m'nyanja yamchere, ndipo mukuopa kuti adzathera kusowa ntchito poti Malawi alibe nyanja yotero. Musamubweze. Luso limene ntchitoyi imafuna akhoza kuliphunzira konkuno.

Madzi amatenga okosijeni kuchokera mumlengalenga ndi ku ndere, koma satenga wambiri. Lita imodzi ya madzi opanda mchere pa 25°C imasunga pafupifupi mamiligalamu 8.3, pomwe ya m'nyanja yamchere imasunga 6.8 basi. Madzi akatentha kapena mchere ukachuluka, mpweyawo umachepa. Nyanja zamchere zimamwanso pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a carbon dioxide amene anthu timatulutsa, n'chifukwa chake pH yake (muyeso umene umatsika asidi akamachuluka m'madzi) yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1.

Nyanja yathu ya Malawi imaphunzitsa zomwezi. Ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma mukatsika kupitirira mamita 250 mulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Madzi ofunda apamwamba sasakanikirana ndi ozizira apansi. Mphepo ya mwera imangovundula mbali yapamwamba.

Chimene adzachite ndi manja ake ndi njira ya Winkler yoyezera kuchuluka kwa okosijeni m'madzi, ya m'chaka cha 1888, imene akatswiri amayesera nayo makina awo mpaka lero. Amathira madzi m'botolo lagalasi kudzera m'kapaipi kofika pansi penipeni, n'kuwasiya asefukire. Amathiramo mankhwala a manganese ndi alkaline iodide, n'kutseka, n'kukhutchumula mpaka nsenga zofiirira zioneke. Kenako amathira sulphuric acid, n'kumadontheza thiosulphate pang'onopang'ono mpaka mtundu wabuluu, umene umaoneka akathiramo sitalichi, uzimiririke; kuchuluka kwa thiosulphate amene walowa n'kumene kumaonetsa okosijeni amene anali m'madzimo. Ambiri amalakwa potseka botolo. Lita ya mpweya wakunja ili ndi okosijeni wa mamiligalamu oposa 250, ndiye kathovu ka mililita imodzi kotsalira m'botolo la mamililita 300 kangathe kukweza yankho ndi 10 peresenti kapena kuposa. Mwana wopupuluma sapita patali m'ntchito imeneyi.

Ku MSCE alimbikire Chemistry, Physics, Biology ndi Masamu, osaiwala kuti yunivesite ya boma imafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezi. Masamuwo ndimawatchula kawiri dala: ana ambiri okonda za nsomba amawanyalanyaza, chonsecho kuwerengera liwiro limene mpweya umalowera m'madzi, malinga ndi mphamvu ya mphepo ndi kutentha, ndi masamu okhaokha.

Digiri yoyamba achite kuno: za nsomba ku LUANAR ku Bunda kapena ku Mzuni, apo ayi Chemistry ku UNIMA. Za nyanja yamchere yeniyeni adzazipeza pa digiri yachiwiri (masters), ku University of Cape Town, ku Institute of Marine Sciences ya University of Dar es Salaam ku Zanzibar, kapena kusukulu ya Universidade Eduardo Mondlane ku Quelimane, kumene adzafunika Chipwitikizi.

Patchuthi mum'tengere kwa mlimi wa nsomba m'bandakucha. Usiku ndere sizipanga okosijeni koma zonse za m'damu zimapumabe, ndiye ngati damulo labiriwira kwambiri adzaona makumba atayandama, akutsegula kukamwa pamwamba pa madzi. Alembe nthawi, kutentha kwa madzi ndi mtundu wake, kenako adzabwererenso masana kukayerekeza.